Katemera wa malungo: musaiwale jakisoni wachinayi

Pa 23 Epulo 2019, dziko la Malawi linakhala loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana ku sikelo, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira m'chaka chomwecho. Katemerayu, yemwe dzina lake ndi RTS,S, anapangidwa ndi kampani ya GSK patatha zaka zoposa makumi atatu za kafukufuku, ndipo kuno kwathu anayambira m'maboma 11, kuphatikizapo Karonga, Mchinji, Mangochi ndi Nsanje. Ana oposa 2 miliyoni atalandira katemerayu m'maiko atatuwa, kunapezeka kuti imfa za ana a msinkhu woyenera kubayidwa zinatsika ndi 13 pa 100 alionse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza katemerayu mu Okutobala 2021, ndipo mu Okutobala 2023 linavomerezanso wina wotchedwa R21, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford.

Kuti kholo limvetse chifukwa chimene ife alangizi a zaumoyo timalimbikira nkhani ya masiku obayitsira mwana, ndi bwino lidziwe mmene katemerayu amagwirira ntchito. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles umene uli ndi tizilombo ta malungo ukaluma mwana usiku, umasiya tizilomboto m'magazi mwake, ndipo tizilomboti timathamangira kuchiwindi, kumene timaswana mwakachetechete tisanabwererenso m'magazi n'kuyamba kuwononga. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira tizilomboti tikangolowa, kuti chitetezo chitigwire tisanakhazikike m'chiwindi. Koma chitetezo chimenechi chimacheperachepera miyezi ikamapita, ndipo n'chifukwa chake mwana amabayidwa kanayi: ali ndi miyezi 5, miyezi 6, miyezi 7, kenako miyezi 22.

Vuto limene ife alangizi a zaumoyo timaliona kawirikawiri lili pa jakisoni wachinayiyu. Atatu oyambawo sativuta, chifukwa mwana amakhala akadali kumsana ndipo mayi amabwera ku sikelo mwezi ndi mwezi. Koma mwana akalandira katemera wachiwiri wa chikuku pa miyezi 15, makolo ambiri amaona ngati zonse zatha. Mwanayo wayamba kuthamanga pabwalo, mwina mayi ali ndi pakati pena, ndipo buku la kusikelo lalowa pansi pa sutikesi pamodzi ndi makhadi ena. Ndakhala ndikutsegula mabuku otere m'midzi n'kupeza mabokosi atatu atalembedwa bwinobwino, lachinayi lili mbee. Zimandipweteka mtima, chifukwa msinkhu wa zaka ziwiri ndi umene mwana amasewera panja mpaka mdima, pamene chitetezo chija chayamba kale kufooka.

Choncho pa tsiku limene mwana wabayidwa kachitatu, pemphani a zaumoyo akulembereni m'buku mwezi wa jakisoni wachinayi, ndipo inunso muugwirizanitse ndi chinthu chimene simungaiwale. Mwachitsanzo, mwana wobadwa mu Januwale adzabayidwa kachinayi mu Novembala wa chaka chotsatira, nthawi ya mvula yoyamba, pamene mukukonzekera kubzala. Abambo ndi agogo nawonso adziwe mwezi umenewu, pakuti si udindo wa mayi yekha. Ngati mwezi wadutsa, musachite manyazi kapena kuopa kukalipiridwa. Pitani naye mwanayo, chifukwa katemera sayambidwanso poyambirira, amangopitiriza pomwe analekezera. Katemerayu ndi waulere, ndipo mlangizi wa m'dera lanu adzakuuzani malo ndi tsiku limene amaperekedwa.

Ana ena amatentha thupi kapena kutupa pang'ono pamalo pobayidwa, ndipo zimenezi zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Mwana akatentha kwambiri kapena akakomoka, mupite naye kuchipatala msanga.

Pali chinthu china chimene sindikufuna kuti chisokonekere. Katemerayu sathetseratu malungo. Pa kafukufuku wamkulu, yemwe mbali ina inachitikira ku Lilongwe, ana amene anabayidwa kanayi anapewa pafupifupi malungo anayi mwa khumi alionse m'zaka zinayi. Limeneli ndi phindu lalikulu m'dziko limene mwana mmodzi amatha kudwala malungo kangapo pachaka, koma likutanthauzanso kuti mwana wobayidwa akhoza kudwalabe. Pachifukwa ichi, neti yonyikidwa m'mankhwala ikhalebe pamalo pogona usiku uliwonse, m'mphepete mwake mutapiniridwa pansi pa mphasa kapena matiresi, osati kudimba potchingira nazale ya tomato kapena kunyanja pokokera usipa. Ikabooka, isokedwe tsiku lomwelo.

Mwana akatentha thupi, ngakhale analandira majakisoni onse anayi, akayezedwe magazi pasanathe maola 24, kaya kuchipatala kapena kwa mlangizi amene amathandiza ana m'mudzi. Akapezeka ndi malungo, amwe mankhwala a LA kawiri patsiku kwa masiku atatu mpaka amalize, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri. Koma ngati akulephera kuyamwa, akusanza chilichonse, wafooka kwambiri kapena akukomoka, musadikire kuti kuche. Funani njinga kapena galimoto usiku womwewo.