Momwe mungapemphere malo otapira ndalama m'dera lanu ku Britain

Banki ikatseka nthambi yake m'tauni imene mukukhala ku Britain, kapena makina a ATM aulere akachotsedwa, musangodandaula chamumtima, chifukwa muli ndi ufulu wopempha kuti dera lanu liunikidwe. Lamulo la Financial Services and Markets Act la 2023 linapatsa bungwe la FCA (Financial Conduct Authority), lomwe limayang'anira mabanki ndi makampani ena azachuma, mphamvu yoteteza mwayi wa anthu wotapa ndi kusungitsa ndalama za kashi, ndipo malamulo a bungweli anayamba kugwira ntchito pa 18 September 2024.

Yambani mwayeza mtunda. Mfundo imene boma linakhazikitsa mu 2023 ndi yakuti anthu ambiri asamayende kuposa mailo imodzi m'tauni, kapena mamailo atatu kumidzi, kuti akatape kapena kusungitsa ndalama kwaulere. Onani malo amene atsala pafupi nanu, kuphatikizapo Post Office, ndi nthawi imene amatsegula.

Kenako lembani pempho lanu pa tsamba la intaneti la bungwe la LINK, lomwe limalumikizitsa makina a ATM m'dzikolo ndipo ndi limene limachita kauniuniyu. Apa mpamene ndikukulimbikitsani kuti mufatse, pakuti kungolemba kuti anthu akuvutika sikuthandiza kwenikweni. Fotokozani zimene mwaona ndi maso anu: mayi wachikulire woyenda ndi ndodo amene akukwera mabasi awiri kukatapa ndalama za penshoni, mwini kagolosale amene akugona ndi ndalama za malonda m'nyumba chifukwa chosowa kokasungitsa, kapena makina otsalawo amene amadula kanthu munthu akatapa. Tchulani mtengo wa basi, maola amene imadutsa, ndiponso ngati njirayo ili ndi chitunda kapena msewu wovuta kuwoloka. Ndi bwinonso kuuzako khansala kapena phungu wa dera lanu.

Yankho liyenera kubwera pasanathe masabata 12. Akapeza kuti vutolo lilipodi, mabanki amakakamizika kulikonza, mwina poika makina ena, mwinanso potsegula banking hub, malo amodzi amene antchito a Post Office amatumikira makasitomala a mabanki osiyanasiyana, pamene ogwira ntchito a mabankiwo amabwerako mosinthana masiku. Akakana, mungathe kupempha kuti aunikenso chigamulocho.

Dziwani kuti lamuloli silikakamiza sitolo iliyonse kulandira kashi, choncho dandaulo la sitolo yolandira khadi yokha musaliike m'pempho limeneli.