Momwe mungadzutsire Nissan 1400 yakale n'kuikonza mwa kufuna kwanu ndi ndalama zochepa

Pikapu yanga ya Nissan 1400 ndinaipeza itagona pansi pa mtengo wa mango, matayala onse ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Mwini wake anaisiya pomwepo kilachi itatha, ndipo nyengo zingapo za mvula zinaipeza pamalo omwewo. Ndinaigwirira ntchito Loweruka ndi Lamlungu kwa zaka zitatu. Panopa ndikangoima kuthira petulo, sipalephera kubwera munthu wofunsa kuti ndinaikonzetsa kuti komanso ndi ndalama zingati. Ndiye ndati ndilembe njira yonse, kuti amene ali ndi mtima womwewu asadutse m'minga momwe ndinadutsa ine.

Ntchito yotereyi Azungu amaitcha hot rod, ndipo inayambira ku California m'zaka za m'ma 1930. Anyamata opanda ndalama ankagula ma Ford Model T ndi Model A otopa, kuchotsa mamadigadi ndi chilichonse cholemera, kupatsa injini mphamvu, n'kukathamangitsana pa nyanja zouma za m'chipululu monga Muroc ndi El Mirage. Ford itatulutsa injini ya V8 yotsika mtengo mu 1932, injiniyo inakhala mtima wa masewero onsewa. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti anyamata ajawa sanasankhe Ford chifukwa inali yapamwamba ayi. Inali mbwee paliponse, yotchipa, masipeya ake osasowa. Lero Ford ya 1932 ndi ya anthu olemera. Ife kuno galimoto yofanana ndi imene ija ndi 1400: inapangidwa ku South Africa kuyambira 1971 mpaka 2008, ku fakitale ya ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo palibe makaniko wachikulire amene saidziwa.

Choyamba: kugula

Musanayang'ane penti kapena kuliza injini, pemphani blue book. Nambala ya chasisi ndi nambala ya injini zolembedwa m'menemo zifanane ndi zimene zasindikizidwa pa chitsulo. Mukaona kuti pamalo pa nambala pakhulidwa ndi girayindala, tsanzikani mwaulemu muzipita, kaya mtengo wake ndi wabwino motani. Ndipo wogulitsayo akhale mwini dzina lili pa pepalalo, kapena akhale wokonzeka kupita nanu kukasintha umwini. Za "mapepala ali ndi achimwene ku mudzi" musazimvere.

Kenako tengani kamaginito mukakulunge m'kansalu, muzikayendetsa m'munsi mwa zitseko, pa mamadigadi, m'munsi mwa galasi lakutsogolo ndi m'mbali mwa bodi. Pamene sikakugwira ndiye kuti pali fila (phala louma lomatira bodi) wokhuthala, ndipo pansi pa fila wokhuthala nthawi zambiri pamakhala bowo. Vundukulani makapeti. Yang'anani pamene pamakhala batire, chifukwa asidi amadya pamenepo. Gonani pansi muone pamene masipuling'i akumbuyo amamangirira. Galimotoyi ilibe chasisi chapadera ngati Hilux; bodi yomweyo ndiyo imanyamula zonse, choncho dzimbiri la pansi si nkhani ya maonekedwe chabe. Injini yakufa isakuopseni, imadzuka mosavuta. Bodi yovunda ndi imene imadya ndalama.

Chachiwiri: kumasula

Apa palibe zovuta. Jambulani ndi foni chilichonse musanachimasule, mabawuti muziika m'timabotolo tolembedwa, magalasi muwasunge m'nyumba. Thanki ya petulo ichoke ndithu, ikakhale kutali ndi pogwirira ntchito.

Chachitatu: dzimbiri

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinataya ndalama ndi chaka chathunthu.

Ulendo woyamba ndinakhula dzimbiri lonse looneka mpaka chitsulo kuwala. M'munsi mwa zitseko ndi pansi pa galasi panatsala timabowo, tina ngati nsawawa, tina ngati ndalama yachitsulo. Ndinali ndi changu chofuna kuona galimoto itapakidwa penti. Munthu wina amene ndinamulipira kuti andithandize anati kuwotcherera n'kutaya nthawi, ndipo anaika kawaya ka sefa kuseri kwa mabowo n'kumata fila pamwamba. Tinasalaza, tinathira pulayima yotchipa, ndipo mu Okutobala 2022 tinapopera penti. Inkawala ngati galasi. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo.

Pofika Febuluwale, mvula ili pakati, m'munsi mwa chitseko cha kumanja munatuluka matuza. Ndikadina ndi chala, munkatuluka madzi ofiirira. Mu Epulo, pa msewu wa mabampu, chigamba cha fila chachikulu ngati chikhatho chinagwa pansi, kuseri kwake kuli bowo lalikulu kuposa lija tinatseka. Ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire amene wawongola magalimoto moyo wake wonse. Anazungulira galimoto yonse akugogoda ndi kiyi, akumvetsera, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, dzimbiri salikwirira. Amalidula." Ndinawafunsa kuti, "Ndiye bambo, penti yonseyi?" Iwo anangoti ichoke.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Fila amamwa madzi. Kutsogolo mwamutchinga ndi penti, koma kuseri, kudzera pa bowo lija, ali pamtunda, ndipo madzi ndi matope zolowa m'kati mwa chitseko zimamunyowetsa tsiku ndi tsiku. Komanso dzimbiri la m'malo amenewa limayambira m'kati kutulukira kunja. Limene mukuliona ndi kachigawo chabe ka limene lilipo.

Njira yoyenera ndi iyi. Khulani penti pamalo onse okayikitsa mpaka chitsulo. Tengani sikuludalaivala muzibaya mwamphamvu, musachite chisoni. Pamene palowa ndiye kuti panatha kale. Lembani mzere kuzungulira malowo, masentimita awiri kulowa m'chitsulo chabwino, ndipo dulani motsata mzerewo. Dulani katoni molingana ndi bowolo, katoniyo ndiye ikhale muyezo wa chigamba. Chitsulo cha chigamba musachite kugula chatsopano: chitseko kapena boneti ya galimoto yakufa ya ku sikirapu ndi yotchipa ndipo kukhuthala kwake n'kofanana, pafupifupi milimita imodzi. Malata a denga ayi. Ndi opyapyala, ndipo utsi wa zinki wotuluka powawotcherera umadwalitsa.

Za wowotcherera samalani kwambiri. Anyamata opanga mageti ndi mabagala ba ndi aluso pa ntchito yawo, koma makina awo a ndodo amaboola chitsulo chopyapyala ngati pepala. Funani munthu amene ali ndi makina a MIG, owotcherera ndi waya m'malo mwa ndodo, ngakhale atchaje mokwererako. Akasowa, wa gasi amatha, bola akhale woleza mtima. Lamulo lake ndi limodzi: kadontho apa, kadontho kutsidya, kudikira kuti pazizire, kenako kadontho kena pakati, mpaka timadontho tonse tilumikizane. Akawotcherera mzere wautali kamodzi, chitsulo chimapindika ndi kutentha, ndipo mudzabwereranso ku fila wokhuthala uja pofuna kubisa mafunde. Ine ndinkakhala pambali ndi chidebe cha madzi ndi nsanza yonyowa, maso ali kuseri kwa chitsulo kumene phula lakale loteteza dzimbiri limayaka mosaoneka. Batire likhale lochotsedwa.

Mukasalaza ndi girayindala, dikirani kude, wina aunike tochi kuseri inu muli kutsogolo. Paliponse pamene kuwala kukudutsa, ngakhale pang'ono ngati nsonga ya singano, pawotchereredwenso. Ndinapeza timabowo totere toposa khumi pa chitseko chimodzi. Zikatha, pakani pulayima ya epoxy mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chosavala chimagwira dzimbiri usiku umodzi. Apa ndiye fila abwere, wongosalazira, osapitirira mamilimita atatu. Mankhwala omuumitsa asachuluke, pafupifupi magawo awiri pa 100 alionse. Mukachulutsa amadzaonekera ngati banga pa penti. Ndipo tsegulani timabowo totulutsa madzi tam'munsi mwa zitseko. Anga onse anali otsekeka ndi dothi, ndiye gwero la matenda onse.

Pa nkhani ya pulayima ndichenjezepo. Ndinagulapo chitini kwa munthu wina amene ankagulitsa motsika kuposa m'masitolo, koma nditatsegula ndinapeza chosungunulidwa ndi thina, chamadzimadzi, chosagwira kanthu. Yang'anani chivindikiro ngati sichinatsegulidwepo, ndipo gulani pulayima, penti ndi mankhwala oumitsira za kampani imodzi. Gulaninso nthawi imodzi ndalama zikapezeka. Ine ndinazengereza, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama imene ndinasungira penti yonse sinakwanenso.

Chachinayi: injini

Ambiri amafuna kuyamba ndi kuchotsa injini. Ku South Africa anyamata amaikamo injini ya 4A-GE ya Toyota kapena SR20 ya Nissan, ndipo zimathamangadi. Koma injiniyo ikafika pafunika giyabokosi yake, mamauntini atsopano, mawaya, pampu ya petulo, pulopela shafiti yodulidwa, ndi difu yoti ipirire mphamvuyo. Mtengo wa injini ndi theka chabe la nkhani. Maganizo anga ndi akuti A14 imene galimotoyi inabadwa nayo ikhale. Ndi ya 1,397 cc, imayendera tcheni osati lamba, ndipo galimotoyo ndi yopepuka moti sifuna zambiri kuti idumphe.

Yezani kompulesheni, masilinda onse anayi akhale oyandikana, asasiyane kuposa magawo 10 pa 100. Ngati ali bwino, pansi musatsegule. Chotsani hedi yokha, mukaisalazitse, mavalavu apalidwe, gasiketi ikhale yabwino osati yotchipitsitsa. Mpata wa mavalavu ndi 0.35 mm injini ili yotentha, ndipo mawaya a mapulagi amatsata 1-3-4-2. Mapointi a mu distributor, chipangizo chogawira moto ku mapulagi, ndinawachotsa n'kuika distributor yamagetsi, ndipo kuyambira pamenepo imalira ndi kiyi mmodzi ngakhale m'mawa wa mu Juni. Ladiyeta itsukidwe.

Zosintha zimene zimamveka ndi ziwiri: kabureta ya Weber 32/36 ndi ekizozi ya mapaipi anayi olowa m'modzi. Weber yeniyeni ndi yodula, ndipo zongoyerekeza zachuluka. Wina anandibweretsera "yatsopano m'bokosi" pa mtengo wokoma, koma zilembo zake zinali zosaoneka bwino ndipo kachitsulo kotsegula mpweya kankagwedera. Ndinabweza. Yanga ndi yakale, anandigulira msuweni wanga ku Johannesburg n'kuitumiza pa basi, ine n'kungosintha magasiketi ndi majeti. Mukamawerengera mtengo wa zinthu zochokera kumeneko, muziphatikiza cholipira basi ndi msonkho wa pa boda.

Chachisanu: mabuleki, kutsitsa ndi malimu

Mabuleki sinthani zonse za rabala, mapaipi ofewa ndi mafuta ake. Pamenepa sipofunika kunenerera mtengo. Ngati yanu ndi yakale ya madiramu kutsogolo, funani madisiki a 1400 ya zaka zakumapeto.

Kumbuyo ndinatsitsa ndi mabuloko a 50 mm pakati pa masipuling'i ndi difu, ndi ma U-bolt (mabawuti opindika omanga difu pa masipuling'i) atsopano aatali. Kutsogolo gulani masipuling'i ofupika kale. Zowotcha sipuling'i ndi gasi kuti ikhale pansi musalole, imafooka n'kudzathyoka muli pa liwiro. Musatsitsenso kwambiri, mahampu a m'tauni mukuwadziwa. Malimu ndi a mabowo anayi okhala pa bwalo la 114.3 mm, akaunjika a mainchesi 14 amakwana bwino, ingowazunguzani kaye muone ngati sanapindike.

Chachisanu ndi chimodzi: penti ndi zotsala

Salazani ndi sandipepa wa nambala 180, kenako 320, kumalizira 600. Poperani mvula itatha koma fumbi la mu Seputembala lisanayambe. Ine ulendo wachiwiri ndinapopera mu Meyi, m'mawa, pansi nditathira madzi. Penti ya 2K, yosakaniza ndi mankhwala oumitsira, ili ndi mankhwala owononga mapapo, choncho valani masiki ya mafyuluta, osati kansalu. Sankhani mtundu umodzi wopanda zonyezimira, ndi wotchipa komanso wosavuta kukonza ukakalika. Penti ikauma thirani phula loteteza dzimbiri m'kati mwa zitseko ndi m'mphako zonse za pansi.

Mpando ndinakausoketsa kwa osoka masofa. Mawaya ndinangosintha ouma ndi kuika mafyuzi atsopano. M'bodi kumbuyo, monyamulira katundu, ndinayala matabwa opaka vanishi.

Mukasintha mtundu wa penti kapena nambala ya injini, kalembetseni ku Road Traffic musanayambe kuyenda nayo. Pitani nokha ndi malisiti anu, osadzera kwa madobadoba a panja. Kenako COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshuwalansi. Makilomita oyambirira yendani pafupi ndi kunyumba, masipanala ali kuseri kwa mpando, ndipo pakatha sabata mumangenso ma U-bolt aja ndi manati a matayala.