Mukamawerenga za matenda, musadwale nawo

Inu ophunzira unamwino, makamaka a chaka choyamba ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, tamverani. Mukangoyamba kuphunzira za matenda, thupi limayamba kukunamizani. Usiku mwawerenga za TB, m'mawa pakhosi pakukanda pang'ono, basi mtima uli m'malere, mwadzipeza kale ndi chifuwa chachikulu. Mawa lake mwaona wodwala khansa ku Gulupu, madzulo muli kalikiliki kupapasa m'khosi kufuna mwanabere. Lekani kutosatosa pamenepo. Mukapakanikiza tsiku lonse pamayamba kupweteka, mantha n'kukulirakulira.

Kugunda kwa mtima musamakuwerenge mutangothamangira minibasi ya ku Ndirande kapena mutamwa makapu atatu a khofi. Munthu wamkulu akapuma, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi.

Ine ndimati lembani chizindikirocho m'kope pamodzi ndi tsiku, foni ikhale patali, Google ya pakati pausiku ayi. Chifuwa chikafika masabata awiri, kapena mukutuluka thukuta usiku ndi kuonda, kayezetseni makhololo. Musafunse mnzanu wa m'chipinda, naye mantha ake ndi omwewo.

Chomwe sichidikira n'chakuti singano yomwe mwabayira wodwala ikakubayani, tsukani ndi madzi ndi sopo, muuze sisitala wa wodi pompopompo. PEP, mankhwala okutetezani kuti musatenge HIV, imayambidwa asanathe maola 72, ndipo mumamwa masiku 28.

Nkhawa ikamakusowetsani tulo kwa masabata angapo, kaonaneni ndi mlangizi wa pasukulu.