Momwe mungaphunzirire za ubale wa mayiko pa yunivesite muli mu Lusaka

Ambiri amene amalemba International Relations (maphunziro a ubale wa mayiko) pa fomu amadziona kale ali kazembe, mbendera ikupepea kutsogolo kwa galimoto. Dziwiranitu kuti akazembe amasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo malo ku unduna wa zakunja sachuluka. Digiriyi ndi yabwino, koma imadyetsa munthu amene waiphatikiza ndi luso lina logwirika.

Yambani ndi satifiketi ya Giredi 12. Pamafunika makhirediti asanu, ndiye kuti giredi 1 mpaka 6 pa mayeso a ECZ, ndipo Chingelezi chikhale chimodzi mwa asanuwo. Ngati Chingelezi munapeza 7, bwerezani pa GCE musanataye ndalama ya fomu. Masamu nawonso musawapeputse, mudzakumana nawo m'maphunziro a zachuma ndi a kafukufuku. Amene analemba mayeso kunja, monga MSCE ya ku Malawi, ayambe wapita ndi pepala lake ku ZAQA, bungwe lotsimikiza masatifiketi a maphunziro, kuti akalitsimikize.

Kenako sankhani sukulu. Ku UNZA, pa Great East Road, maphunziro a ndale ali mu School of Humanities and Social Sciences. University of Lusaka ili ndi digiri ya ndale ndi ubale wa mayiko, ndipo Mulungushi University ku Kabwe ilinso nayo yake. Musanalipire ngakhale ngwee, onani kuti sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo n'zovomerezeka ku Higher Education Authority. Pemphaninso mndandanda wa makosi a zaka zonse zinayi. Mukapanda kuonamo malamulo a pakati pa mayiko, zachuma ndi njira zochitira kafukufuku, dzina lokongolalo lisakunyengeni. Za fizi, HELSB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro, imathandiza ophunzira a m'mayunivesite a boma, koma ndi ngongole, mudzabweza mukayamba ntchito. Konzeranitu NRC ndi kalata yokulandirani kusukulu.

M'kalasi ndi momwe ambiri amaterereka. Mudzaphunzira maganizo akuluakulu ofotokoza khalidwe la mayiko. A realism amati dziko lililonse limasaka mphamvu ndi chitetezo chake basi; a liberalism amati malonda ndi mabungwe zimachititsa mayiko kugwirizana. Wophunzira waulesi amaloweza matanthauzowa n'kukawasanza pa mayeso. Mphunzitsi safuna zimenezo. Tengani ganizo lililonse mukaliyese pa nkhani ya kuno kwathu. Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu, atalengeza ufulu wa Rhodesia (lero Zimbabwe) mu 1965, njira ya kum'mwera yomwe mkuwa wa Zambia unkadzera inakhala pa chiopsezo. China inamanga njanji ya TAZARA kuyambira 1970 mpaka 1975, makilomita 1,860 pakati pa Dar es Salaam ndi Kapiri Mposhi. Kodi chinali chikondi cha pa abale, kapena China inkafuna anzake oiikira kumbuyo ku United Nations? Sankhani mbali, perekani umboni, muyankhenso wokutsutsani. Nkhani yongolondoloza zaka popanda mfundo yanuyanu ndi imene imabwera ndi C.

Zitsanzo zotere Lusaka ili nazo zambiri. Msonkhano wa Non-Aligned Movement, gulu la mayiko osakhala mbali ya America kapena Soviet Union, unachitikira mu holo ya Mulungushi muno mu Lusaka mu 1970, SADCC, kholo la SADC, inabadwira muno pa 1 April 1980, ndipo mapangano oletsa nkhondo ya Angola mu 1994 ndi ya Congo mu 1999 anasainidwira muno. Zaposachedwa, tsatirani za ngongole: Zambia inalephera kulipira mu November 2020, ndipo zokambirana pansi pa G20 Common Framework, ndondomeko ya mayiko a chuma chachikulu yokonzera ngongole za mayiko osauka, zinatenga zaka. Amene wamvetsa chifukwa chake zinachedwa wamvetsa theka la kosi ya zachuma cha mayiko.

Chilankhulo chiyambeni chaka choyamba, osati chomaliza. Zambia yazunguliridwa ndi mayiko asanu ndi atatu. Congo imagwiritsa ntchito Chifalansa, Angola ndi Mozambique Chipwitikizi. Alliance Française ili mu Lusaka momwemuno, ndipo Confucius Institute ya ku UNZA imaphunzitsa Chitchaina. Sankhani chimodzi mufike nacho polemba kalata ndi kutsata msonkhano. Moni wa m'zilankhulo zitatu salemba munthu ntchito. Chinyanja chathuchi musachisiye pa CV, chimayenda ku Malawi ndi ku Tete popanda womasulira.

Pofika chaka chachitatu funani atachimenti. Likulu la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, lili pa Ben Bella Road, ofesi ya UNECA (nthambi ya United Nations ya zachuma mu Africa) yoyang'anira kum'mwera kwa Africa ili muno, chimodzimodzi ECOSOCC (khonsolo ya mabungwe a anthu wamba) ya African Union ndi maofesi a akazembe. Koma musayang'ane nyumba zagalasi zokha. Makampani okiliya katundu ku Chirundu, Nakonde ndi Kasumbalesa amaphunzitsa za malonda a mayiko kuposa buku. Tengani kalata ya ku dipatimenti, CV ya tsamba limodzi ndi nkhani yanu ya masamba awiri yosonyeza kuti mumatha kulemba mwachidule. Perekani miyezi ingapo tchuthi chisanafike. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akupezereni malo ku United Nations, ndi wakuba. Bungweli sililipiritsa ofunsira ntchito.

Kafukufuku wa chaka chomaliza achepe mutu. "China ndi Africa" simungamalize ngakhale mutapatsidwa zaka khumi. Tengani kanthu koti mufikepo ndi basi, monga momwe amalonda ang'onoang'ono a pa Mwami, pa malire a Zambia ndi Malawi, amagwiritsira ntchito Simplified Trade Regime ya COMESA, ndondomeko yowapeputsira kuwolotsa katundu. Akatswiri a kasitomu salankhula popanda chilolezo cha akuluakulu awo, choncho kalata yopita ku ZRA, bungwe la misonkho ndi kasitomu, ilembeni msanga. Wokonda mbiri apite ku National Archives of Zambia.

Mukalandira digiri, ntchito za boma, kuphatikizapo za ku unduna wa zakunja, muzizitsata m'zilengezo za boma m'manyuzipepala. Maphunziro a ukazembe weniweni, monga mwambo wolandirira alendo a boma ndi kalembedwe ka makalata a pakati pa maboma, amaperekedwa ku Zambia Institute of Diplomacy and International Studies. Funsani kumeneko za nthawi yolembetsa ndi fizi.