Momwe mungalembere nkhani ya chikondi mpaka kuitulutsa buku muli konkuno ku Mzuzu

Achinyamata ambiri mumzinda uno ali ndi nkhani ya chikondi yomwe adaiyamba m'kope kapena pafoni, n'kuisiya pa mutu wachitatu. Ena adaimaliza koma sadziwa kolowera nayo. Palinso ena omwe adathamangira kwa osindikiza ndi ndalama za kubanki mkhonde, lero mabuku adakali m'katoni kunsi kwa bedi. Zoterezi zimandipweteka, chifukwa anthu ofuna kuwerenga nkhani za chikondi m'chilankhulo chawo alipo, ndipo akudikira. Nazi ndondomeko zomwe zingakuthandizeni, kuyambira pa tsamba loyamba mpaka pa kugulitsa.

Choyamba: pezani chimene chikuwalekanitsa

Munthu akatenga buku la chikondi amadziwa kale kuti awiriwa adzakhala limodzi kumapeto. Sawerenga kuti adziwe ngati zidzatheke, amawerenga kuti aone kuti zitheka bwanji. Ndiye musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, dzifunseni kuti n'chiyani chikuletsa awiriwa kukwatirana mawa lomwe. Yankho likakhala lofooka, buku lonse lifooka, ngakhale Chichewa chanu chikome motani.

Pamenepa ife a kuno tili ndi mwayi womwe sitiugwiritsa ntchito. Mzuzu ndi mphambano ya miyambo. Tengani mtsikana wa ku Embangweni m'boma la Mzimba, komwe amalowola, mkazi amakakhala kwa mwamuna ndipo ana amakhala a kuchimuna. Mumukumanitse ndi mnyamata wa ku Ntchisi yemwe adabwera kudzaphunzira ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu), kwawo kwa chikamwini, komwe mwini mbumba ndi malume. Bambo a mtsikana akufuna ng'ombe, ndipo kwa iwo umenewo ndi ulemu wa mwana wawo komanso chimangiro cha mabanja awiri. Malume a mnyamata akumva ngati akuuzidwa kuti agule munthu. Palibe woipa pamenepa, aliyense akuteteza zomwe adaleredwa nazo, ndipo n'chifukwa chake nkhani yotere imagwira mtima. Ana adzakhala a yani? Adzamanga kuti? Mmodzi akamwalira, wotsalayo adzakhala pati? Mafunso atatu okhawa akhoza kunyamula masamba 150.

Zilipo zinanso. Chibwenzi cha munthu yemwe adapita ku Joni, akutumiza ndalama ndi katundu koma chaka chachinayi osabwera, pomwe pano pali wina yemwe amabwera tsiku ndi tsiku. Mwana wa mkulu wa mpingo wa CCAP yemwe wakonda wa mpingo wina. Awiri omwe apita limodzi kukayezetsa magazi, zotsatira n'kutuluka zosiyana. Namwino yemwe wamusamutsira ku Chitipa ukwati utatsala miyezi iwiri.

Chomwe muyenera kupewa ndi kusamvana koti kukhoza kutha ndi foni imodzi. Mtsikana waona chibwenzi chake chikuyenda ndi mkazi wina pa depoti, wakwiya mitu 10, kenako n'kudziwika kuti anali mchemwali wake. Owerenga adatopa nazo zimenezi. Chimodzimodzinso bwana wa galimoto yakuda yemwe amadzapulumutsa mtsikana wosauka. Ngati mwasankha kumulemba, mtsikanayo akhale ndi chake chomwe bwanayo alibe.

Chachiwiri: aliyense akhale ndi moyo wake

Mwa awiriwo, aliyense akhale ndi china chomwe akuchifuna kupatula chikondi. Mtsikana akufuna kukhala ndi shopu yakeyake ya zitenje ku Taifa Market, asiye kugulitsira azakhali ake. Mnyamata akufuna kumalizitsa nyumba ya mayi ake mvula isanagwe. Zofuna zimenezi zikayamba kuwombana ndi chikondi, mitu imadzilemba yokha.

Pali zinthu ziwiri zomwe sindinyengerera nazo. Anthu anu okondanawo akhale a zaka 18 kapena kuposa. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka zimenezi, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti zigwirizane. Nkhani ya mphunzitsi ndi mwana wa Fomu 2 si ya chikondi, ndi ya nkhanza, ndipo ikalembedwa ilembedwe monga nkhanza. Chinanso, mwamuna womenya, wolanda foni, wokakamira mkazi atakana, musamuveke chovala cha chikondi. Atsikana ambiri amayamba kuwerenga nkhani zoterezi asanakhalepo pachibwenzi, ndipo zomwe tikulemba amazitenga.

Musaiwale anthu a m'mbali: ankhoswe, azakhali olankhula mosapsatira, mlamu wokonda kuseka, mnzake wa pamtima yemwe sasunga chinsinsi. Kwathu kuno chikondi si cha anthu awiri okha, ndipo buku lopanda achibale limamveka ngati lachilendo.

Chachitatu: lembani Mzuzu yemwe mumamudziwa

Olemba atsopano ambiri amaika nkhani zawo mumzinda wopanda dzina, wa mahotela ndi ndege, poganiza kuti Chibavi kapena Zolozolo si malo oyenera buku. Ndi malo oyenera kwambiri. Wowerenga wa ku Mchengautuwa akaona mtsikana wanu akutsika kabaza pa Katoto m'mawa wa mu July, manja atawabisa m'juzi, mawawa akugwa, nthawi yomweyo wakukhulupirirani. Akweretseni minibasi ya ku Nkhata Bay, makutu atseke potsetsereka, akavule majuzi aja kunyanja chifukwa cha kutentha, adye kondowole wa batala. Basi ya usiku yochokera ku Lilongwe ikamakwawa m'nkhungu ya ku Chikangawa, awiri ogundana mapewa amakhala ndi nthawi yokwanira yoti ayambe kudziwana.

Pa zokambirana, tcherani khutu momwe anthu amalankhuliradi. Munthu wa kuno kawirikawiri sanena za mumtima mwake poyera. Onani izi:

"Mwadya?"

"Ndidya kunyumba."

"Kunyumba n'kutali, achimwene. Khalani pansi, ndatsala ndi mbale imodzi."

"Simwati zatha?"

"Zatha kwa makasitomala."

Palibe watchula chikondi, koma wowerenga wamva zonse. Mulinso ndi chida china chomwe chili m'kamwa mwathu momwe: awiriwa amayamba ndi "inu". Tsiku lomwe mmodzi adzanene "iwe" koyamba lisungeni, lisabwere msanga, ndipo winayo azindikire kuti china chake chasintha. Akadzakangana n'kubwerera ku "inu", wowerenga adzamva kuwawa popanda inu kufotokoza.

Anthu a mu Mzuzu amasakaniza Chichewa, Chitumbuka ndi Chitonga. Agogo a mtsikana akalandira mlendo ndi "Monire" kapena kuthokoza ndi "Yewo chomene", asiyeni atero. Ingoonetsetsani kuti wa ku Mulanje akutha kutsatira nkhani, ndipo ngati Chitumbukacho si chanu, pezani mwini chilankhulo akuonereni.

Chachinayi: malizani

Lembani papepala limodzi zinthu zisanu: akumana bwanji, chiwakoka n'chiyani, chiwalekanitsa n'chiyani, zifika poipitsitsa pati, ndipo aliyense ataya chiyani kuti akhale limodzi. Kenako yambani. Mukamalemba mawu 500 patsiku, m'masiku 60 muli ndi mawu 30,000, lomwe ndi buku laling'ono lokwana bwino. Musabwerere kukakonza mutu woyamba musanafike kumapeto, chifukwa ambiri amathera pomwepo. Ngati mukulembera pafoni, madzulo aliwonse dzitumizireni pa imelo zomwe mwalemba. Foni imabedwa, imagwera m'madzi.

Chachisanu: konzani mopanda chisoni

Mukamaliza, isiyeni mwezi wathunthu. Pobwerera iwerengeni mokweza, pakuti khutu limagwira zomwe diso laphonya. Pomwe mwayamba kuyasamula inuyo, dulani.

Ndiye perekani kwa anthu atatu okonda nkhani zotere, koma asakhale mayi anu kapena chibwenzi chanu. Musawafunse ngati yakoma, adzati yakoma. Afunseni kuti adasiyira pati kuwerenga tsiku loyamba, adadana ndi yani, ndipo ndi pati pomwe sadakhulupirire.

Kalembedwe nako n'kofunika. Chichewa cha pa WhatsApp, cha "kt" ndi "bho", sichilowa m'buku pokhapokha ngati mukuonetsa uthenga wa pafoni. Chichewa chili ndi malamulo a kalembedwe omwe bungwe la Chichewa Board lidatulutsa, omaliza mu 1990, ndipo masiku ano ntchito ya zilankhulo ili ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Lamulo limodzi lomwe limavuta ambiri kuno ndi la "l" ndi "r": pambuyo pa "e" kapena "i" timalemba "r", monga "kulira" ndi "kubwera", pomwe pena ponse ndi "l", monga "kulola" ndi "kugula". Mphunzitsi wa Chichewa wa kusekondale akhoza kukukonzerani zambiri. Mulipireni, ndi ntchito.

Chachisanu ndi chimodzi: pezani owerenga musanapite kwa osindikiza

Ambiri amalumpha pano, ndipo m'pomwe makatoni a kunsi kwa bedi amachokera. Tsegulani tsamba pa Facebook muziikapo nkhani zifupizifupi kapena mitu yoyambirira ya buku lanu, pa masiku odziwika, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachisanu, osaphonya. Mutu uliwonse uzithera pomwe munthu akufunitsitsa kudziwa chotsatira. Ndemanga za owerenga zidzakuuzani ngati chotchinga chanu chija chagwira: akayamba kukangana okhaokha kuti wolakwa ndi bambo kapena malume, dziwani kuti muli ndi buku. Tumizaninso nkhani zazifupi ku nyuzipepala za kumapeto kwa sabata monga Malawi News ndi Weekend Nation, ndipo dziwanani ndi olemba anzanu kudzera ku Malawi Writers Union.

Ena amagulitsa mitu yotsala m'gulu la WhatsApp, wofuna kulowa n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Njirayi imagwira ntchito ndipo siifuna mpamba waukulu. Koma dziwani kuti buku lonse mukalitumiza ngati PDF kwa munthu mmodzi, pofika madzulo likhoza kukhala m'magulu 20 kwaulere. Tumizani mutu umodziumodzi, dzina lanu likhale pa tsamba lililonse.

Chachisanu ndi chiwiri: kutulutsa buku

Makampani ofalitsa mabuku m'dziko muno amadalira kwambiri mabuku a sukulu, chifukwa n'komwe kuli msika wotsimikizika. Konkuno kuli Mzuni Press ndi Luviri Press, koma mabuku awo ambiri ndi a mbiri, chipembedzo ndi maphunziro. Choncho musanatumize kulikonse, pitani ku laibulale ya National Library Service muone kuti ndi kampani iti yomwe idatulutsapo nkhani zopeka, ndipo alembereni kaye kufunsa ngati akulandira. Akakuvomerani, werengani mgwirizano wonse muli phee. Muone kuti pa buku lililonse logulidwa mudzalandira zingati, adzakulipirani liti, mgwirizano ndi wa zaka zingati, ndipo ufulu wopanga sewero la pa wailesi kapena filimu ukhala wa yani. Kampani ikafuna kuti mulipire ndinu, ndiye kuti mukudzitulutsira nokha buku, ndipo umwini wonse uyenera kutsala m'manja mwanu.

Umwini wa nkhani ndi wanu kuyambira pomwe mwailemba. Lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso limauteteza moyo wanu wonse ndi zaka zina 50 mutamwalira. Bungwe loona za zimenezi ndi COSOMA, ndipo n'kwanzeru kukalembetsako ntchito yanu kuti pakhale umboni wina akadzaiba.

Mukasankha kudzitulutsira nokha, pezani nambala ya ISBN, yomwe ndi nambala yozindikiritsira buku, ku National Archives ku Zomba. Imakhala ya manambala 13, ndipo za ku Malawi zimayamba ndi 978 kenako 99908 kapena 99960. Popanda nambalayi masitolo a mabuku ndi malaibulale amavuta kulandira buku. Lamulo limafunanso kuti buku likatuluka mupereke kope ku National Archives komweko.

Buku la nkhani limakhala bwino pa saizi ya A5, yomwe ndi theka la pepala la A4. Pepala limodzi la A4 likapindidwa limatulutsa masamba anayi, ndiye chiwerengero cha masamba anu chizigawika ndi 4 kuti musalipire mapepala opanda kanthu. Funsani mitengo kwa osindikiza atatu, ndipo musalipire ndalama zonse musanaone kope limodzi loyeserera. Kopelo litsekuleni pakati, mulipinde, mukoke tsamba kuti muone ngati guluu wagwira. Onaninso ngati zilembo zapafupi ndi msana wa buku sizidamezedwe. Pa chikuto musaike chithunzi cha munthu chomwe mwangochitola pa intaneti. Jambulitsani chanu ndi chilolezo cholembedwa, kapena mulipire wojambula pamanja.

Yambani ndi makope ochepa, 50 kapena 100, ndipo ngati n'kotheka owerenga anu a pa Facebook aja alipiriretu kuti ndalama yosindikizira ichoke kwa iwo. Poika mtengo werengerani zonse: kusindikiza, wokonza Chichewa, chikuto, mayendedwe, ndi gawo la wogulitsa. Musadalire masitolo a mabuku okha. Ku saluni, pa mashopu a zitenje ndi m'mahositelo a makoleji ndi komwe kuli owerenga anu, ndipo a ku Karonga, Rumphi kapena Lilongwe mukhoza kuwatumizira pa basi. Paliponse pomwe mwasiya mabuku kuti akugulitsireni, lembani m'kope tsiku, chiwerengero ndi mtengo, wolandirayo asainire, ndipo mugwirizane tsiku lodzatenga ndalama kapena mabuku otsala.