Wigi ya pulasitiki sipirira moto, amayi

Nyengo ya maukwati ino ndaona mawigi ambiri opserera kutsogolo, tsitsi la pamphumi litakwinyika n'kuuma gwa. Eni ake akuti anawagulitsa katundu wabodza. Ayi ndithu, wapsereza ndi moto wa kukhitchini kwanu komweko.

Wigi yotsika mtengo yomwe ambirife timagula pamsika si tsitsi la munthu. Ndi ulusi wa pulasitiki, monga uja wotchedwa Kanekalon wopangidwa ndi kampani ya Kaneka ya ku Japan. Kufakitale amaupinda ndi kutentha kuti ugwire sitayilo, ndiye ukakumananso ndi kutentha umasintha, ukapyola muyeso umasungunuka. Munaonapo thumba la feteleza likayandikira moto momwe limakhwinyatira? N'zomwezo. Tsitsi lanu likapsa limameranso, koma wigi ikapsa yapita. Mafuta aliwonse amene mungapake sangaibwezeretse, amangoitana fumbi.

Chikundiwawa n'chakuti zikuchitika tsiku lomwelo la chisangalalo. Mayi wavala wigi m'mamawa, kenaka wawerama pamafuwa kuvundula nsima ya anthu ambirimbiri, kapena kupemerera makala pambaula. Sipafunika lawi kukhudza tsitsi. Mpweya wotentha ndi nthunzi ya mumphika n'zokwanira.

Ndiye pali chizolowezi china chimene chikukana kutha. Poti meshi tikaluka timaviika nsonga zake m'madzi otentha, ena akuchapanso wigi ndi madzi owira, ati kuti thukuta lichoke bwino. Madzi amene amawongola nsonga za meshi ndi omwewonso amafafaniza mapotedwe a wigi yanu! Enanso akuiwongola ndi chitsulo chamoto cha ku saluni, ngati kuti ndi tsitsi lawo. Tinena kangati?

Mayi wina wolima mtedza anandiuza kuti chaka chino anapatula ndalama pa zokolola zake n'kugula wigi yovala pa chinkhoswe cha mwana wake. Usiku woti mawa ndi mwambo anaichapa, ndipo poona kuti siikuuma msanga, anaikoloweka pakamtengo pafupi ndi mbaula. Kutacha, mbali imodzi inali itamatana, chipeso osalowa. Ku chinkhoswe anapita atamanga duku, ndalama ya mtedza itathera pamakala. Pofotokoza sankaseka, ndipo inenso zinandikhudza, chifukwa kulima mtedza si masewera.

Chochita n'chosavuta. Pophika vulani wigi, muzivala ntchito ya pamoto ikatha. Chapani ndi madzi ozizira ndi shampu pang'ono, osafikisa, osafinya, ndipo muyanike pamthunzi mpaka iume yokha. Pesani itauma, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga. Alipo mawigi opirira kutentha pang'ono, koma ngati papaketi sanalembe zimenezo, chitsulo chamoto chisayandikire.