Handulo ya pulawo ikamatsetsereka yokha, musathamangire kugula pampu

Okutobala akafika kuno ku Salima, thirakitala iliyonse yomwe imatha kulira imakhala ndi mzere wa anthu oyidikira. Wina akufuna agawule munda wa chimanga mvula isanagwe, a mpunga ku Lifuwu nawo akufuna makande atembenuzidwe. Mwezi womwewu ndi umene ndimamva dandaulo ili kawirikawiri: "Alangizi, pampu yatha, pulawo ikungomira yokha."

Sabata yatha ndinaima pamunda wina cha ku Khombedza pomwe Massey Ferguson 135 inkalima. Mizere inali yozama apa, yongopalasa apo, ngati munda wofukulidwa ndi nkhumba. Nditayandikira ndinaona chifukwa chake. Handulo yokwezera pulawo inali yomangidwa ndi chingwe cha mphira chodula ku chubu cha njinga, ndipo chingwecho chikafooka adalaivala ankaitchinjiriza ndi bondo. Eni ake anali atafunsa kale ku Lilongwe mtengo wa pampu ya hayidiroliki, yomwe imakankha oyilo wonyamula pulawo. Chonsecho pampu inalibe mlandu. Tinagwiritsa ntchito sipanala imodzi ndi mawasha awiri, basi.

Mathirakitala a mtundu wa 135 anasiya kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, choncho handulo imene mukuigwirayo yakankhidwa ndi manja a anthu ambirimbiri. Kumanja kwa mpando kuli mahandulo awiri. Yolembedwa Draft ndiyo yolimira. Pulawo ikakumana ndi nthaka yolimba imakankha chitsulo chapamwamba cholumikizira pulawo ku thirakitala, chitsulocho chimapanikiza sipuling'i yaikulu ili kumbuyo kwa mpando, ndipo thirakitala imanyamula pulawo pang'ono kuti injini isatsamwe. Yolembedwa Position imangoimika chida pamsinkhu womwe mwasankha, nthaka ikhale yofewa kapena yolimba. Polima, ya Position imakhala pamwamba, pamalo omwe imaikidwa poyenda pamsewu, kuzama n'kumakusintha ndi ya Draft. Madalaivala ena amalima makande ndi Position, kenaka n'kumadabwa matayala akungozungulira pamodzimodzi.

Chimene chimagwira handulo kuti ikhale pomwe mwaisiya si oyilo ayi. Ndi mawasha okhakhala omwe amafinyidwa ndi kasipuling'i ndi nati patsinde pa handuloyo. Fumbi lathu lino la m'chilimwe limalowa pamenepo n'kumawapera mpaka asalale ngati mbale yadothi. Akasalala, kugwedezeka kwa injini kokha kumatsitsa handulo pang'onopang'ono, pulawo n'kumatsatira.

Musanamasule chilichonse, yesani kaye. Mangani pulawo, lizani injini pamalo osatsetsereka, ikwezeni theka, muchotse dzanja ndi kuyang'anitsitsa handulo. Ikamayenda yokha, vuto lili kunja ndipo mutha kulikonza pansi pa mtengo wa mango. Koma ngati handulo yaima nji pamene pulawo ikutsika, kapena mukazimitsa injini pulawo n'kugwa pansi musanamalize n'kupatsana moni komwe, ndiye kuti oyilo akuthawa m'kati, mwina pa maring'i a silinda kapena pa vavu. Imeneyo ndi ntchito ya amakaniko odziwa, chifukwa pamafunika kuchotsa chivundikiro cholemera chili pansi pa mpando.

Tiyerekeze kuti ndi handulo. Tsitsani pulawo ikhale pansi, muzimitse injini. Ndikubwereza dala: musalowetse mwendo kapena mutu pansi pa chida chimene changolenjekeka pa hayidiroliki, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Tsukani malowo ndi burashi ndi palafini pang'ono, muumitse, kenaka mangani natiyo pang'onopang'ono mukuyesa handulo ndi dzanja. Iziyenda mukaikankha mwamphamvu ndithu, koma isamasunthe mukaigogoda ndi chala. Nati ikafika pothera handulo idakali wedewede, masulani zonse, muyale tizidutswa pansalu motsatana mmene mwatichotsera, ndipo mupite ndi washa wakaleyo kogula kuti mukayerekeze. Sipuling'i yofupika kapena yadzimbiri isinthireni pomwepo.

Apa pali cholakwa chimene anthu osamala zinthu ndi amene amachichita: kupaka girizi pa mawashawo. Girizi ndi wa malo ofunika kuterera. Mukapaka apa mwabwezeretsa matenda omwe mumachiza, ndipo fumbi likamatirira pamenepo limasanduka chopelera.

Nthawi zina bowo lomwe handulo imazungulirapo limakula n'kukhala ngati dzira, moti mumaikankha kamtunda ndithu pulawo isanamve. Owotcherera a pa Kamuzu Road atha kulidzaza ndi kuboolanso, kapena kuikamo kachitsulo kobulungira. Koma ichotseni handuloyo, mupite nayo m'manja. Kuwotcherera ili pa thirakitala kumapsereza timphira totseka oyilo, ndipo pafupi pomwepo pamakhala mafuta otayikira osachedwa kuyaka.

Chitsulo chokhota chomwe mahandulo amayendamo chija musachimasule mwachisawawa, pakuti malo ake anachita kuyeza. Ngati palibe kuchitira mwina, yambani mwalemba mzere ndi msomali kapena penti kuti mudzachibwezere pomwe chinali. Chikasuntha, pulawo imakana kukwera mpaka pamwamba, apo ayi ikafika pamwamba mumamva kulira kwa tswii kosalekeza. Kulirako ndi vavu yotulutsa mphamvu yopyola muyeso, ndipo mukakulekerera oyilo amatentha, pampu yomwe inali yabwinobwino ija n'kuyamba kutha zenizeni. Zimachitikanso handulo ya Position ikapyola malo oyendera pamsewu n'kulowa polembedwa Constant Pumping.

Kanati koimitsira handulo kaja, komwe kamasowa pa mathirakitala ambiri, kabwezereni. Ndi kamene kamathandiza adalaivala kubwezera pulawo pakuzama komwe kuja akakhota kumapeto kwa munda.

Poti manja ada kale, sololani ndodo yoyezera oyilo wa giyabokosi. Pa 135, oyilo yemweyo ndi amene amayendetsa hayidiroliki. Akaoneka woyererako ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, zomwe sizisowa kwa olima m'madambo a mpunga ndi ogoneka thirakitala panja dzinja lonse. Mukhetseni oyiloyo injini itangozima, akadali wofunda, mutsuke sefa ya pampu, ndipo mphira yong'ambika patsinde pa handulo ya magiya muisinthe, chifukwa madzi a mvula amalowera pamenepo.